Njerwa za Mayi Balisitiki

Pamalo omanga nyumba zosanja palibe sawadziwa mayi oponya njerwa. Anzawo amasenza pamutu n'kumakwera makwerero mwawefuwefu, iwo ayi. Amaima pansi, kuwerama pang'ono, njerwa n'kuuluka kukatera m'manja mwa mmisiri pansanja. Ntchitoyi anaiyamba amuna awo atamwalira, ndipo zikhatho zinachita kukakala ngati njerwa zomwezo.

Dzina loti Mayi Balisitiki linachokera pawailesi ya mmisiriyo. Tsiku lina nkhani zinkanena za mizinga ya balisitiki, anthu n'kufunsa kuti n'chiyaninso chimenecho.

"Ndi mzinga wokankhidwa poyambira pokha," anatero mmisiri. "Moto ukazima umakwera wokha, kupindika, n'kukagwa pomwe woponya analoza. Ukanyamuka wanyamuka. Onani njerwa za mayiwa."

Basi dzina linakakamira. Pano ngakhale mawu achipongwe akamupulumuka munthu, anzake amati waponya balisitiki, asavutike kuwathamangira.

Mayiwa ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, yemwe anamutumiza kutali kukaphunzira zamagetsi. Izi ndiye zinkawadya moyo alamu awo, akulu ake a malemu. Alamuwo anali atamupezera kale mwanayo mwamuna wagolosale, wamimba yake, wosiya akazi awiri. Manyazi adawasiya m'mimba mwa amayi awo alamu amenewo! Anachita kubwera pantchito dzuwa likuswa mtengo, nsapato zopolisha zikumira m'matope a simenti.

"Mlamu, muitaneni mwanayo abwere. Anthu akudikira."

"Adikira mpaka imvi, alamu."

"Mukakana, nyumba ya mng'ono wanga mutulukemo."

Mantha anawagwira mayiwa, tisaname, poti kopita analibe. Ndiponso mwanayo ankamusowa kuposa wina aliyense. Chichokereni, bedi lake ankaliyalabe m'mawa uliwonse. Koma anawerama, kutola njerwa n'kuiponya, ndipo ili m'malere anati, "Alamu, taiitanani ibwere."

Njerwa inakatera m'manja mwa mmisiri, khwa.

"Mwana uja ndinamuponya ndi manja awa, ndi msana uwu. Komwe ndinaloza ndikukudziwa, ndipo si kuseri kwa kauntala ya anzanuwo."

"Mudzagona pati? Pamulu wa mchengawu?"

Mayi aja anapisa m'khosi n'kuvula chingwe cha kiyi. Anamuyang'ana pang'ono kiyiyo, poti anawapatsa ndi amuna awo tsiku lolowa m'nyumba. Kenako anawerama monga mwa masiku onse. Kiyi anakwera, kupindika, n'kukagwera m'matope, pakati penipeni pa nsapato zopolisha zija.

Alamu anaima kukamwa kuli yasa, osadziwa kuti atole kapena asiye.

Misozi inali italengeza, koma mayiwa anaipukuta ndi phewa chifukwa manja onse anali atagwira kale njerwa.

"Mmisiri," anatero, "wakhani. Khoma silidikira."