Mizere ya Kaputeni

Jekete lija linali lakuda, lolemera ngati bulangete lonyowa, ndipo linkanunkha mankhwala a njenjete. Kumapeto kwa mkono uliwonse kunali mizere inayi yagolide. Lachisanu lililonse amalume ankalipukuta ndi burashi n'kulipachika pawaya kuseri kwa nyumba ku Springs, tauni ya migodi ya ku Joni imene ili kutali kwambiri ndi nyanja. Mwini wake, mzungu wokalamba amene tonse tinkamutcha Kaputeni, anali atasiya kalekale kulivala.

Ine ndi amayi tinafika kumeneko chisanu chikuyamba, pakati pa zaka za m'ma 1990. Ndinali msungwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ulendo wathu unali ndi mutu umodzi: abale ku Ntcheu anatuma amayi kukatenga mlongo wawo, mtchona amene anachoka kumudzi amayi ali kamwana. Amayi ankayesa kuti n'zakanthawi kochepa. Chisanu chonse chinatithera m'kachipinda ka antchito, tikuwotha pulayimasi. M'mamawa udzu unkayera ngati wathiridwa mchere, milomo yanga inasweka, ndipo fumbi lachikasu la pamilu ya migodi linkakukutika m'mano.

Amalume ankaidziwa mizere ija monga mlimi adziwira malire a munda. Iwiri yoyamba Kaputeni anaipeza pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akusesa mabomba m'nyanja. Amalume anakumana naye ku Durban atathawa ntchito ya mumgodi, n'kulembedwa ngati wophika, wochapa ndi telala. Mzere wachitatu, wa pamene Kaputeni anapatsidwa sitima yakeyake, anausoka ndi iwowo. Wachinayi unabwera pa nkhondo ya ku Angola. Akafika pamenepa ankati, "Tinakwezedwa." Osati anakwezedwa, ayi. Tinakwezedwa.

Amayi anali ndi kawerengedwe kawo. "Wachitatuwo ndi mkazi amene anakudikirani mpaka anakwatiwa kwina. Wachinayiwo ndi maliro a bambo." Ankatero akufinya zochapa za ganyu, osakweza mawu. Yankho silinkasintha: "Achemwali, munthu sasiya wodwala pamphasa."

Wodwala analipodi. Kaputeni ankakhala pakhonde, miyendo itafunditsidwa, akulamula sitima zimene panalibe. Amalume ankayankha lamulo lililonse ataima chilili, kenako n'kumupukuta dovu. Nditakula n'kuyamba ntchito ya utolankhani, ndinafufuza zimene sitima za dziko lija zinkachita m'magombe a mayiko oyandikana nalo zaka zimenezo. Sizinali zosesa mabomba. Kaya amalume ankadziwa, sindinganene. Anthu amene ankasita makolala ndi ayironi yamakala sankafunsidwa maganizo, ndipo ambiri anaphunzira kusadzifunsa okha.

Kaputeni anamwalira mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba. Amalume anachita zimene munthu wa kwathu amachita. Anatumiza uthenga kwa Amalawi a kutchalitchi kwawo, ena a ku Thokoza, ena ogwira ntchito m'mafakitale a ku Isando. Mawa lake masana minibasi ziwiri zinaima pageti. Munatsika amayi a zitenje ndi maduku, atanyamula mabulangete ndi ufa, kudzakhuza maliro ndi kugona pasiwa. Ambiri sanamuonepo Kaputeni. Anabwera chifukwa anamva kuti m'bale wawo waferedwa.

Mwana wamkazi wa Kaputeni, amene anafika pandege kuchokera ku Cape Town, sanatsegule geti. Sanali wamwano, ankaoneka wamantha ndi wotopa. Anafotokoza kuti thupi linatengedwa kale kukawotchedwa, ndipo mwambo udzakhala wa achibale ndi anzake a usilikali okhaokha. Amalume anali kumbuyo kwake, jekete lositidwa bwino lili pamkono, poti ankati akamuveka okha Kaputeni. Mayiyo analilandira, anathokoza, n'kukaliika m'buti ya galimoto.

Woyandikana nyumba anaitana alonda a kampani. Galimoto yawo inaima chapatali, injini ikulira. Anthu aja anaimba nyimbo imodzi ali chiimire m'mbali mwa msewu, mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule, ndipo anakweranso ndi mabulangete awo osafunyulula. Mayi wina pokwera anafunsa amayi, "Kodi azunguwa amalira nthawi yanji?"

Amayi sanabise kuti apumula. Tsiku lomwelo anayamba kumanga katundu ndi kufunsa za basi ya ku Blantyre. Nyumba inali yoti igulitsidwa, wodwala kunalibenso, chifukwa chotsalira kumeneko chinali chitatha.

Patapita masiku, amalume anakhala pandowa kuseri kwa kachipinda, ndi lezala ndi kagalasi kosweka, n'kudzimeta okha mpala, monga achitira abale maliro akatha. Anadzicheka kumbuyo kwa khutu. Amayi anawafunsa.

"Achimwene, mayi anu okuberekani atamwalira munameta?"

"Uthenga unandipeza mochedwa."

"Nanga tikiti ndigule zingati?"

"Ku Isando akufuna mlonda. Ndigwireko pang'ono, ndikupezani."

Amayi sanawanyengererenso. Anagula ziwiri.

Amalume anatiperekeza kokwerera basi atavala chipewa chaubweya chifukwa cha mpala uja. Atakweza chikwama chathu, anafunsa amayi ngati pa Zambezi anthu akadawolokabe pa pantoni. Amayi anati pa Tete pali mlatho, ndipo unamangidwa ine ndisanabadwe. Amalume anangogwedeza mutu. Ine ndinaseka kwambiri, kuti munthu wamkulu, wodziwa mayina a madoko onse, osadziwa mlatho umene ngakhale ine ndinauwoloka.

Sanatipeze. Anamwalira ku Joni konko, ali mlonda.

Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti mzungu uja ndiye anali chingwe, ndipo chingwe chikaduka mbuzi imathamangira kukhola. Sindikanatha kumvetsa kuti kumene tinkawaitanira kunalibenso munthu wowakumbukira ali mnyamata, ndi kuti womaliza amene ankawadziwa choncho anali Kaputeni yemweyo, amene pamaliro ake iwo anatsekeredwa kunja.