Ndinabweza makiyi a nyumba chifukwa choitanidwa dzina

Ndinasamutsa mayi anga m'nyumba yomwe anakalambiramo chifukwa cha sukulu yomwe inali isananditenge n'komwe. Ndinadya mfulumira, ndipo inu owerenga, ndikufuna mumve mmene zinayendera.

Ndinakulira pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Mayi anathyola tiyi mpaka msana kupindika. Nditabwerako ku yunivesite ndi digiri ya zaulimi, ndinalembedwa ntchito yoyang'anira minda pa esiteti yomweyo, ndipo mayi atapuma, nyumba ya kampani inangosinthidwa kukhala m'dzina langa. Koma digiri yangayo inali ya pasi wamba. Chaka chomaliza bambo ankadwala matenda omwe anawatenga, ine n'kumangokhalira pamsewu, magiredi n'kugwa. Nkhaniyi sindinkaitchula kwa munthu.

Patapita zaka ndinafunsira malo ku yunivesite kuti ndikaphunzire digiri yachiwiri, ya masitazi. Ankafuna anthu okhoza bwino, koma anati a pasi ngati ine akhoza kuganiziridwa ngati agwirapo ntchito nthawi yaitali. Ndinayesa mwayi. Tsiku lina foni inalira, akuti ndipite ku intavyu.

Apa ndi pomwe ndinapusira. Kwathu kuno mvula ikayamba anthu amadzaza pa ofesi kufuna ntchito yothyola tiyi. Kapitawo akakuitana dzina, basi walowa, umangonyamula dengu. Amabwerera ndi amene sanaitanidwe. Ndakula ndikuona zimenezi, moti ndi digiri yanga yomwe, ndinamva ngati ndatengedwa kale. Mayi analulutira, amayi a kutchalitchi n'kubwera kudzandipempherera ulendo.

Pofuna kuchoka mwaulemu, ndinapereka notisi nthawi ikadalipo. Ndinkati mayi ndidzawatengera kutauni. A manijala, bambo wina wa ku Rumphi wosachulutsa zonena, anandifunsa ngati ndatengedwadi. Ndinawayankha kuti andiitana. Atabwereza funsolo, mumtima ndinati nsanje basi. Malo anga ndi nyumba yomwe zinalonjezedwa kwa munthu wina wochokera ku Kasungu.

Ku intavyu ndinapeza aphunzitsi a pa yunivesite atakhala kuseri kwa tebulo. Funso loyamba linali lomwe ndinkaliopa: magiredi anga anatsika chifukwa chiyani? Ndinazolika, manja pamaondo, n'kunena kuti pepani, ndinalakwitsa. Ndi mmene tinaleredwera pa esiteti. Bwana akakufunsa za cholakwa sufotokoza, chifukwa kufotokoza ndi mwano. Za matenda a bambo sindinanene. Za alimi ang'onoang'ono a ku Khwethemule omwe ndinawaphunzitsa kudulira tiyi mpaka minda yawo kudzuka, ndinakhalanso chete, kuopa kuoneka wodzitama. Mayi wina mwa aphunzitsiwo anachita kundipatsa mpata, kundifunsa ngati pali china chomwe ndikufuna adziwe. Ndinati palibe, zikomo.

Sindinatengedwe. Ndinabwerera kwa a manijala manyazi ali tho, koma malo anali atapita. Sanandinyoze ayi, anangoti kukapezeka mpata adzandiuza.

Mayi ndinawaperekeza kumudzi kwawo ku Thekerani, komwe anachokako ali mtsikana. Tsiku losamuka katundu atakwera kale, iwo anali chilili kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala omwe anadzala ndi malemu bambo.

"Koma mwanawe," anatero, "si anakuitana dzina iwe? Kusukuluko amaitana munthu kuti akam'bweze?"

Zinandipweteka kuposa kukanidwa kuja, ndipo zimandipwetekabe.

Inu owerenga, makamaka amene digiri yanu ili ngati yangayi, magiredi otsika si mlandu woti muzolike nawo. Akakufunsani, fotokozani chomwe chinachitika, ndipo ntchito yomwe mwagwira muinene ndi pakamwa panu, chifukwa kumeneko kulibe kapitawo wokudziwani. Chinanso, kuitanidwa ku intavyu si kutengedwa. Musasiye ntchito, musabweze makiyi, mpaka akuuzeni poyera kuti malo ndi anu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ine ndikukonzekera kufunsiranso, ndipo ulendo uno ndikalankhula. Koma ngakhale anditenge, mayi sadzabwereranso m'nyumba muja. Ndinadutsako posachedwapa. Mtengo uja wabereka kwambiri chaka chino, ndipo ana a eni nyumba atsopano anandipatsako peyala limodzi, ngati mlendo.