Bodza langa la utsi linakagwera mayi anga

Nsanje yanga inathyola msana wa mayi anga. Ndikuvomera ndekha, ndipo inu owerenga ndimvetsereni, mwina wina apulumukirapo.

Ine ndi mnzanga Yohane tinachokera mudzi umodzi ku Kasungu, n'kudzapezananso ku Leicester kuno. Aliyense anali ndi kamakina kake kakale kokumbira maziko, ndipo tinkapeza maganyu kwa omanga nyumba. Kenako kunabwera malamulo a utsi, makampani akuluakulu n'kuyamba kukana injini zakale za dizilo. Tsiku lina kapitawo anangoona utsi wa makina anga n'kundibweza pageti ngati mwana wochedwa kusukulu. Zinandiwawa zedi. Makina osandigwiritsapo mwala, lero asanduke chinyalala?

Yohane sanataye nthawi n'kudandaula. Anagulitsa ake, n'kutenga atsopano. Kuwonjezera apo anagula thirakitala yakale imene mlimi wina kuseri kwa Oadby ankafuna kuitaya, n'kuikweza m'kontena ya kumudzi. Anandiuza kuti, "Achimwene, musamangokomplena. Shipani makina anuwo pa kontena, kwathu akagwira ntchito." Ndinaseka, koma m'kati ndikupsa. Munthu amene ndinamulandira ndine, wogona pa sofa yanga ku Beaumont Leys, lero azindiphunzitsa nzeru?

Zithunzi zitayamba kubwera pa gulu la WhatsApp la kumudzi, azimayi akululutira thirakitala ija, ndinajambula mawu n'kutumizira msuweni wanga wina wapakamwa. Ndinati thirakitalayo azungu anailetsa, utsi wake umapha nthaka ndi kuwononga mapapo, Yohane wakutayirani poizoni. Ndinamupempha kuti asanditchule, koma iye anangoyenda nayo foniyo khomo ndi khomo.

Anthu ambiri anaikana thirakitalayo, ine kuno mtima n'kukhala pansi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti Yohane anali atauza mng'ono wake kuti munda woyamba kulima, mwaulere, ukhale wa mayi anga, pothokoza sofa ija. Mayi anaibweza pamalire, n'kugwira khasu ndi ukalamba wawowo. Mvula inawapeza asanamalize mizere. Msana unawagwira, mpaka lero amayendera ndodo.

Nditamva, ndinawaimbira mokalipa kuti anakaniranji chithandizo. Anandiyankha mofatsa: "Mawu aja ndinawazindikira, anali ako. Mwana wanga sangandinamize."

Yohane nayenso anawamva mawuwo. Kutchalitchi amandipatsabe moni wa manja awiri, ndipo bola akanandimenya. Makina anga akungochita dzimbiri pabwalo, ine ndikusamalira nkhalamba za eni ake m'nyumba ya okalamba pamene yanga ikuvutika kutunga madzi.

Inu owerenga, lamulo likakupwetekani, kwiyirani lamulolo, osati mnzanu amene wapeza podutsira. Mufunseni wadutsa bwanji. Bodza lotumiza kumudzi silisankha khomo, langa linakagogoda kwa amene anandibala.