Foni ya a Ramadhani

Achemwali anga a Consolata ndi amakani, ndipo ndimawanyadira nawo makaniwo. Amakhala ku Mbedza, ntchito yawo ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta. Chaka chatha kabungwe kena kanawapatsa ntchito yokonza pulogalamu yochenjeza anthu a m'mbali mwa Likangala mvula ikachuluka kuphiri.

Chilankhulo cha pakompyuta chimene amalembera sichinyengerera munthu. Zinthu zimasungidwa ziwiriziwiri, kiyi ndi chimene kiyiyo amatsekula, ndipo umaneneratu mtundu wa chilichonse. Iwo analemba kuti kiyi ndi nambala ya foni, chotsekulidwa ndi dzina limodzi. Zinayenda, abwana awo a Charles n'kuwayamikira.

Tsiku lina tinapita kukasoketsa zitenje za chinkhoswe changa kwa a Ramadhani, telala wa pafupi ndi mtsinje. Foni yawo italira, anakuwira kuseri: "Mayi Aggie! Mwana wanu uyu, bwerani!" Pomwepo achemwali anakumbukira pulogalamu yawo. Foni imodziyo inali ya makomo angapo, kuphatikizapo la mayi Aggie ndi la a Selemani, pomwe m'pulogalamu muja wolembetsa pambuyo ankafufuta dzina la mnzake. Atayang'ana, anapeza kuti mayi Aggie, amene amaswera okha kudimba la m'mphepete mwa madzi, anali atafufutika kale.

Achemwali anasintha mtundu uja kuti kiyi mmodzi azisunga mayina ambiri. Pompo pulogalamu inakana kuyenda, mizere yofiira mbwee!

"Mayi, zinthu zabwinobwino mwaphwasuliranji?" anadandaula a Charles.

"Isiyeni ikane, bwana," anayankha achemwali. "Ikundilozera paliponse pamene ndinaiwala munthu."

Anakonza mzere ndi mzere, mpaka pachinkhoswe changa iwo anafika pamene anthu ankapinda mipando. Ndinakwiya zedi, ndipo sindinawabisire.

Mu Febuluwale, masana ena, m'tauni muli dzuwa koma kuphiri kutada bii, foni ya a Ramadhani inalandira uthenga: "Madzi akubwera. Uzaninso a Selemani ndi mayi Aggie." Telala uja anasiya makina, liwiro la kudimba. Anakwera kumtunda ndi mayi Aggie, khasu lili m'manja, ndipo dimbalo madzi analisesa lonse.

Mayi Aggie sawadziwa n'komwe achemwali anga. Nkhuku yothokoza anapatsa a Ramadhani. Ine zinandiwawa, ndinathamanga kukawauza achemwali. Anaseka, kenako n'kundifunsa:

"Nanga Juliana, kuseri kwa a Ramadhani kuja kwabwera banja latsopano. Alipo walilembetsa?"