Makangaza a Achimwene

Chimwalirireni achimwene, alamu anga sakhulupirira aliyense woyandikira mtengo wa makangaza umene malemuwo anabzala kuseri kwa bafa. Ukangouyamikira, amakuyang'ana m'manja. Amati, "Woyamikira mtengo amabwera ndi nkhwangwa."

Chaka chino zipatso zayamba kuwola, m'kati muli mbozi. Kunabwera mayi wina wofufuza matenda a mbewu, kupempha makangaza awiri kuti akawayeze.

"Akapeza matenda adzaudula ameneyu," alamu anandinong'oneza. Anazemba, n'kukathyola abwinobwino kwa aneba, n'kumupatsa.

Sabata yatha mayi uja anabweranso akumwetulira. "Agogo, mtengo wanu ulibe vuto!"

Alamu anayang'ana makangaza owola ali mbwee pansi, kenako anacheukira kwa ine.

"Mwawaona anthu ophunzirawa, alamu? Bodza lokhalokha!"