Chiwindi changa chinakawolera m'mimba mwa achimwene

Anthu ena akamva nkhaniyi amati ndikukometsera, ati munthu sangadulidwe chiwindi n'kumalimabe mtedza ku Chiosya kuno, koma wokayika abwere ndimuonetse chipsera pamimbapa, chifukwa zonsezi zinandichitikira ine mwini, ndipo ndikazikumbukira mtima umandiwirabe.

Achimwene anga, amene ndinapondana nawo, ankagwira ntchito yokonza mapepala a malole pa boda ya Mchinji. Anadwala matenda a chiwindi aja amati hepataitisi B, maso chikasu, mimba tswii, mpaka madokotala anati chiwindi chatheratu, pokhapokha wachibale awadulireko chake. Abwana awo anathandiza za ulendo wa ku India, koma itafika nkhani ya mpeni, abale onse anayamba kuyang'ana pansi. Ine ndinayezedwa, ndinapezeka wopanda kachilombo koyambitsa matendawo, magazi n'kugwirizana, ndiye ndikanatani? Ndinasiya ana ndi munda n'kukagona pa tebulo la opareshoni kudziko la eni.

Dokotala wa kumeneko anatikhazika pansi atatu, ine, achimwene ndi alamu anga, akazi awo. Anati thupi silifuna mlendo, chitetezo cha m'thupi chikaona chiwindi chachilendo chimachimenya, ndiye pali mapilitsi ochifooketsa dala. Koma anati chitetezo chikafooka choncho, kachilombo kaja, kamene sikathereratu m'thupi, kamadzuka n'kulowa m'chiwindi chatsopanocho, ndiye pali pilitsi lina, limodzi patsiku, lokapanikiza moyo wonse. Anabwereza katatu kuti lisadumphidwe. Alamu ankagwedeza mutu kwambiri kuposa tonse.

Chaka choyamba achimwene ananenepa, kubwerera pa ntchito, kumayenda ndi tayi pa boda ngati sanadwalepo. Ine ndinkalephera ngakhale kusenza ndowa, koma sindinkadandaula.

Tsono pilitsi limodzi lija ndi la mtundu womwewo wa ma ARV, ndipo kuno achimwene ankakalandirira pamzere womwewo. Tsiku lina mkazi wa wosintha ndalama wina anawaona atakhala pa benchi pamenepo, ndipo inu mukudziwa pakamwa pa anthu a pa boda, dzuwa lisanapendeke nkhani inali itawoloka kale mpaka ku Mwami, mbali ya Zambia, ati za ku India zija zinali zophimba chabe, bambo aja ali ndi kachilombo kena kaja. Kodi akanakhala nako, bwenzi chitavuta n'chiyani? Si anthu ambirimbiri akumwa, akulima, akulera ana? Koma alamu, amene ankagulitsa zitenje pomwepo, anati sangapirire kulozedwa zala, ndipo achimwene, munthu wamkulu wandevu zake, anamvera. Mapilitsi a ku India ofooketsa chitetezo aja ankamwa mosadumphitsa chifukwa botolo lake linali lolemekezeka, koma lija loletsa kachilombo analisiya. Ine palibe anandiuza.

Ndinadziwa tsiku lina masana, nyengo yokumba mtedza, ndikuuyanika pabwalo. Ndinangoona kabaza waima, achimwene n'kutsika opanda nsapato, malaya obwereza awiri, maso achikasu ngati yolki ya dzira, manja akugwedezeka okha, m'kamwa mukutuluka fungo lomwe sindinalimvepo kwa munthu wamoyo. Ndinawalonjera koma sanandizindikire. Anandifunsa kuti ndine mayi wa kuti, kenaka anatola chikwanje chomwe chinali pakhonde n'kuchiloza pamimba pawo, akukuwa kuti mwini nyama ili m'katimu abwere adzatenge, ikuwaotcha. Ine mkodzo n'kutsika ndili chiimire, sindibisa. Anthu a kumunda woyandikana ndi amene anathamanga n'kuwalanda chikwanjecho, iwo n'kugwa pa mtedza pomwepo akusanza magazi.

Ku chipatala ku Lilongwe dokotala anati kachilomboko kanabwerera, kanapeza chitetezo chili chogona, ndiye kanadya chiwindi changa chija m'miyezi yochepa, ndipo misala ija inali poizoni amene chiwindi chakufa chimalephera kusefa, wakwera kumutu. Atafunsa za pilitsi lija, alamu anayamba kulira, kenaka n'kuulula. Ndikanakhala ndi mphamvu zanga zakale, anamwino akanachita kuwalanditsa m'manja mwanga.

Mukuganiza kuti alamuwo anachita manyazi? Patapita masiku atatu anabwera kwathu ndi amalume athu, ati amva kuti munthu atha kuikidwa chiwindi kachiwiri, ine sindingadulidwenso, koma mwana wanga wamkazi woyamba, amene anali atangoyamba kumene uphunzitsi, magazi ake ndi ofanana ndi anga. Amalume anati magazi ndi amodzi, tisataye munthu tikuona. Alamu anagwada mpaka kundigwira mapazi, ndipo mwanayo, ndi mtima wake wachisoni uja, anali atayamba kale kuvomera.

Ndinakana. Ndinawauza kuti changa ndinapereka ndi manja awiri iwo n'kuchisinthanitsa ndi ulemu wa pa msika, ndiye cha mwana wanga asachiyerekeze n'komwe, atuluke pakhomo panga. Achimwene anamwalira sabata yachitatu osatsitsimuka, ndipo pamaliro ndinkamva kunong'ona kumbuyo kwanga kuti mfiti yake ndi imeneyi, inapereka chiwindi n'kuchilondola. Amene ankanong'onawo ndi omwe aja anawaseka pa benchi.

Lero ndimakhulupirira kuti kachilomboko paokha sikakanawatha achimwene, kanali katagwidwa bwinobwino ndi pilitsi limodzi. Anawapha ndi malilime a anthu, ndi mkazi woopa kusekedwa, komanso iwo eni, pakuti sindiwachotsera mlandu ngakhale ali m'manda. Ndimawalira, inde, koma ndimalira nditakwiya. Ndiye inu amene muli pa mankhwala a moyo wonse, imwani, akuoneni akuoneni. Ndipo inu okonda kusuzumira mabotolo a anzanu n'kukalengeza, dziwani kuti tsiku lina mayi wina adzafunsidwa kusankha pakati pa mlongo wake ndi mwana wake chifukwa cha pakamwa panupo. Ine ndinasankha mwana, ndipo atandifunsanso mawa, achimwene angafenso kachiwiri.