Khwinya pa Nsalu ya pa Guwa

Lachitatu la sabata yachiwiri ya Lenti, chaka chimene tidachotsa malata akale pa tchalitchi chathu, belu la masana litangolira kumene ndipo ana a sukulu akubalalika pa msewu wa kuseri kwa nyumba ya ansembe, adatisiya mayi amene kwa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi adachapa ndi kusita nsalu za pa guwa, amene tonse, akulu ndi ana omwe, tinkawaitana ndi dzina lachipongwe lakuti aNapukusa, iwo n'kumavomera.

Adabadwa m'banja la telala, mwana wachitatu mwa asanu, nakulira pakati pa zidutswa za nsalu ndi fungo la simbi yamakala. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mutu wake udayamba kugwedezeka wokha, kawiri kapena katatu, mwachangu, monga achitira munthu wokana. Bambo ake ankati ndi mwano, aphunzitsi ankati ndi chibwana, ndipo anzake adamupatsa dzina lija. Mwanayo ankangonena kuti m'khosi mumamuyabwa m'kati, pamalo posafika chala, ndi kuti kuyabwako sikuleka mpaka mutu utagwedezeka.

Tsiku lolandira Ukaristia koyamba adagwada pamzere atavala diresi yoyera yosokedwa ndi bambo ake. Wansembe anali mlendo, wodzathandiza tsiku lokhalo. Atafika pa iye nati, "Thupi la Khristu," mutu udapukusa katatu. Wansembe adaima pang'ono, namupitirira. Misa itatha, mphunzitsi wa katekisimu, munthu wabwino ndithu koma wofulumira pakamwa, adamufunsa ngati angathe kuugwira mutuwo. Mwanayo adaluma mano naugwira kwa mphindi yathunthu, misozi ili lengelenge.

"Waona? Ukafuna umatha," adatero mphunzitsiyo. "Ndiye kuti pa guwa paja sunafune."

Mawu amenewo adakhala nawo zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Ansembe angapo adawauza m'kulapa kuti palibe tchimo pamenepo, koma iwo ankatuluka akuti, "Abambo ndi achifundo, koma sakhala m'khosi mwanga." Ankadziwa kuti mutuwo amatha kuugwira kwa kanthawi, ndipo kwa iwo umenewo unali umboni wokwana. Pamzere wa Ukaristia sadaimenso. Ankalandira kamodzi pachaka, nyengo ya Pasaka, m'chipinda chosungiramo zovala za Misa, atagwira chibwano ndi manja awiri, kenaka n'kukhala masabata ali ndi mantha akuti alandira mosayenera.

Adakwatiwa ndi makaniko wa mabasi, munthu wanthabwala, amene ankakonda kusimba kuti adawafunsira katatu, mutu n'kukana katatu konse, pakamwa n'kuvomera kamodzi, iye n'kusankha kumvera pakamwa. Ameneyu yekha ndiye ankatha kuwaseketsa pa nkhaniyi. Mwamunayo adamwalira pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anali asanathe chaka, ndipo m'chaka chomwecho mayiwo adapempha ntchito yosamala nsalu za tchalitchi. Malipiro adakana, ankadzidyetsa posita zovala za anthu m'makomo.

Amene adawaona akugwira ntchitoyi sadzaiwala. Loweruka lililonse, dzuwa likadali pamutu, ankayala bulangete pa tebulo la m'chipinda chija, nawaza madzi ndi nsonga za zala, nayendetsa simbi kuchokera pakati kunka m'mphepete. Nsalu iliyonse, ngakhale kansalu kopukutira chikho, ankaisita kasanu ndi kawiri. Munthu akawalankhulitsa m'kati mwa ntchito, ankamuyankha mwaulemu, kenaka n'kuyambiranso. Zala zawo zinali ndi zipsera, msana udapindika msanga. Ife tinkagoma. Ansembe ankawatchula m'ulaliki ngati chitsanzo, ndipo amayi a bungwe ankadzudzula ana awo aulesi powatchula iwo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa chifukwa chake kasanu ndi kawiri. Tinkaseka khosi lawo n'kumatamanda manja awo, osadziwa kuti m'zonse ziwiri tinkalakwitsa.

Mayiwo atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zinayi, mwana wawo uja, amene ankagwira ntchito yokolopa pa chipatala china chachikulu, adamva kuti madokotala akufuna anthu ogwedezeka ziwalo ndi anthu obwerezabwereza zinthu, kuti aphunzire kusiyanitsa mavuto awiriwa. Mayiwo adakana mwezi wathunthu, akuti tchimo sapita nalo kuchipatala. Adalola pokhapokha mwanayo atawauza kuti zimene madokotala apeze zidzathandiza ana a anthu ena.

Adawakhazika pa mpando m'chipinda chopanda zenera, nawaveka chipewa cha nthambo zambirimbiri, atawapaka mafuta ozizira m'tsitsi. Pakhosi ndi pamikono adawamata timakina tonga mabatani, toyeza liwiro ndi mphamvu ya kugwedezeka kulikonse. Mayiwo adadziyang'ana pa galasi nanena kuti ngakhale pa ukwati wawo sadawakongoletse chotero. Dokotala, mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu, adawapempha kuti ayambe akhala chete, mutu uchite zofuna zake; kenaka kuti apukuse mutu mwadala, kakhumi; pomaliza adawapatsa nsalu kuti aipinde, naikhotetsa dala pakona, nawapempha kuti asaikhudze. Sadathe kupirira. Thukuta lidatuluka, manja adapita okha pa nsaluyo.

Atabweranso sabata inayo, dokotala adawaonetsa mizere pa kompyuta. Adalongosola kuti pamene ankapukusa mutu mwadala, mzere wa ubongo unkayamba wakwera pang'onopang'ono, monga munthu akokera mpweya asanadzuke. Koma pamene mutu unkagwedezeka wokha, kukonzeka koteroko nthawi zambiri sikunkaoneka, ndipo khosi linkangoti dzidzimu, kwa kanthawi kochepa zedi. Kuwongola nsalu kuja kunali kwa mtundu wina: kodekha, kwadongosolo, mtima ukugunda kwambiri manja asananyamuke. Adawachenjeza kuti makinawo akadali pa kuyesedwa ndipo sangaweruze okha, choncho adawafunsa chimene amamva mutu usanagwedezeke. Iwo adati kuyabwa basi, kopanda ganizo lililonse.

"Nanga musanabwereze kusita?"

Mayiwo adayang'ana mwana wawo, amene adawaperekeza. Kenaka adanena chimene anali asanauzepo munthu, ngakhale wansembe: kuti chiyambire tsiku la maliro a mwamuna wawo, pamabwera ganizo lakuti likatsala khwinya pa nsalu ya pa guwa, Mulungu atenga mwanayu, popeza mayi wake adamukana Mulunguyo poyera. Ankadziwa kuti ganizolo n'lopusa, koma silinkachoka mpaka atasita kachisanu ndi chiwiri.

Mwanayo, mayi wa imvi zake kale, adagwira pakamwa. "Mayi, zaka zonsezi mumapsa zala chifukwa cha ine?"

Mayiwo adatembenukira kwa dokotala nafunsa funso la mphunzitsi wa katekisimu uja, kuti bwanji nanga amatha kuugwira mutu akafuna. Dokotala adati chifuwanso munthu amatha kuchigwira m'tchalitchi kwa kanthawi, koma palibe amene amati wotsokomola wasankha kutsokomola.

"Ndiye sindinkakana?"

"Za mtima wanu makina sangandiuze, agogo. Koma khosi lanu silidziwa kukana kapena kuvomera."

Mwana wawo akusimba kuti ankayembekeza chimwemwe, koma m'basi yobwerera mayiwo adangokhala duu, akuwerenga ndi zala. Ankawerenga Masabata amene adakhala pa benchi anzawo akupita kukalandira. Madzulo a tsikulo adapita kwa wansembe wathu nanena kuti chimene ankalapa sichinali tchimo, ndipo chimene ankapereka ngati nsembe anali mantha okhaokha. Tsono afika pamaso pa Mulungu ndi chiyani m'manja? Wansembe adangowauza kuti zaka zonsezo Ambuye adagonekedwa pa nsalu zoyera, ndi kuti Lamulungu likubwerali adzawadikira pamzere, ngakhale Misa ichedwe kutha.

Kuchipatala adawaphunzitsa kusita kamodzi, n'kuzimitsa simbi, n'kukhala pansi mpaka mantha atadzitherera okha. Loweruka loyamba adakhala pa mpando maola awiri akunjenjemera, korona ali m'manja, mwana wawo atakhala pafupi, wamoyo ndithu, akuwaseka kuti sanafebe. M'mawa mwake nsalu ya pa guwa inali ndi khwinya pakona ya kumanzere. Tivomere pano, popeza iwo sangatimvenso: ambiri tidanong'onezana kuti aNapukusa akalamba, ntchito yawakanika, papezeke wina. Ntchito yaikulu ya moyo wawo tidaiyesa ulesi.

Pa Misa yomweyo adadzuka naima pamzere. Atafika kutsogolo mutu udapukusa katatu, mwamphamvu kuposa masiku onse, ndipo wina kumbuyo adaseka. Wansembe sadasunthe. Dzanja lake lidakhala m'malere mpaka khosi litakhazikika, ndipo tchalitchi chonse chidamva "Amen" wawo.

Adakhala ndi moyo zaka zina zinayi. Sitinganene kuti adachira. Panali Maloweruka ena pamene mwana wawo ankawapeza akusita kachitatu, iwo n'kuseka mwamanyazi, akuti mdani wakale sasamuka tsiku limodzi. Mutu sudaleke kugwedezeka. Koma sadaphonyenso Ukaristia, ndipo adapempha kuti chaka chilichonse azikalankhula kwa aphunzitsi a katekisimu. Zonena zawo zinali zachidule: "Mwana akachita chinthu chodabwitsa, muyambe mwamufunsa chimene akumva. Ndipo wina mukamuona akulimbikira mopyola, musathamangire kumutamanda." Za mphunzitsi wawo uja sadanenepo choipa; ankamuperekera Misa mwezi wa akufa.

Matenda awo omaliza adatenga masiku asanu ndi anayi. Lachitatu lija m'mawa wansembe adawadzoza mafuta a odwala nawabweretsera Ukaristia. Mutu udagwedezeka pa pilo, ngakhale anali ofooka kale, ndipo iwo adamwetulira nanong'ona kuti, "Musaumvere uwu, abambo." Adalandira, nagona, ndipo belu la masana litalira mpweya udatha, dzanja lili m'dzanja la mwana wawo.

M'kabati mudapezeka nsalu imene adaisita komaliza asanadwale, yopindidwa bwino, ili ndi khwinya lake pakona. Amayi a bungwe adatenthetsa simbi kuti aikonzere Misa ya maliro, koma mwana wawo adawapempha kuti aisiye. Idayalidwa pa guwa momwemo.